PHUNZIRO: MPHODZA ZA ESAU NDI VOTI YA MAYI WACHIKHRISTU

Mawu owerenga: Genesis 25:29-34; Eksodo 1:15-21; Eksodo 18:13-26; 1 Samueli 12:1-5

Cholinga cha phunziro: Kuti tione kuti ndalama za boma zikabedwa amene amalipira ndi mayi ndi mwana wake, ndiponso kuti voti yathu ndi udindo umene sitiyenera kuusinthanitsa ndi mphatso ya tsiku limodzi.

Kwa otsogolera: Phunziroli ndi lalitali. Mukhoza kuligawa pa misonkhano iwiri, magawo anayi pa msonkhano uliwonse. Musalole kuti pokambirana amayi ayambe kutchulana zipani zawo.

Chiyambi

Chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chinadutsa. Magalimoto a zokuzira mawu anasiya kubwera kumudzi, ndipo nsalu za zipani zija tikuberekera ana, zina tikupita nazo kumunda. Chisankho china chachikulu chikuyembekezeka mu 2030. Wina angafunse kuti nanga tikuphunziriranji za chisankho pamene kulibe kampeni. Chifukwa chake ndi chakuti nthawi ya kampeni mitima imakhala yotentha, aliyense amateteza mbali yake, ndipo ngakhale mawu a Mulungu timawamva ndi khutu la chipani. Nkhanga zinapangana kusanapse. Tiyeni tikambirane nkhaniyi tsopano, mitima ili m'malo.

1. Kodi nkhani za ndale ndi zathu?

Alipo amayi amene amati ndale ndi zauve, Mkhristu asayandikeko. Tisiyanitse zinthu ziwiri. Kuyendetsa chipani ndi ntchito ya eni chipani, ndipo Mpingo wa Amayi si nthambi ya chipani chilichonse. Koma kusankha woyang'anira chuma cha dziko, ndi kumufunsa m'mene wachiyendetsera, ndi ntchito ya nzika iliyonse. Bungwe lathu, limene Mary Sumner analiyambitsa ku England mu 1876, lili ndi zolinga zisanu. Chimodzi mwa izo chimatituma kulimbikitsa m'dziko zinthu zimene zimathandiza kuti mabanja akhazikike ndi kuti ana atetezedwe. Banja silikhazikika bwino pamene kuchipatala kulibe mankhwala, kusukulu kulibe mabuku, ndipo feteleza wafika chimanga chitamasula kale.

Ife achikulire tikukumbuka nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankabwezedwa pakhomo la msika kapena pokwera basi chifukwa chosowa khadi la chipani, ndipo amayi ankatengedwa kukavina osafunsidwa ngati akufuna. Pa 8 Malichi 1992 kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi awo, yodzudzula kupondereza anthu. Chaka chomwecho mipingo ndi Asilamu anakhazikitsa bungwe la Public Affairs Committee, ndipo mpingo wathu wa Anglican unali nawo. Pa 14 Juni 1993 kunachitika riferendamu ya nyali ndi tambala wakuda, ndipo anthu pafupifupi 63 pa 100 alionse anasankha nyali, ndiye kuti zipani zambiri. Chisankho chinatsatira pa 17 Meyi 1994. Mu 2002, pamene ena anafuna kusintha malamulo kuti mtsogoleri wa dziko azilamulira kupitirira matemu awiri, mipingo inakana poyera, ndipo biluyo inagwa m'Nyumba ya Malamulo.

Choncho voti imene tili nayo sitinaitole panjira. Ena anamangidwa chifukwa cha iyo, ena anathawa kwawo, ena anataya moyo.

2. Ndalama za boma ndi za yani?

Boma lilibe munda wa ndalama. Mukagula shuga, nsalu, malata kapena mayunitsi a foni, mu mtengomo muli msonkho. Mukakwera minibasi mwalipira nawo misonkho ya pa mafuta. Mukadula tikiti ya pamsika mwapereka ku khonsolo. Ndalama zina ndi ngongole zimene adzukulu athu adzabweza. Tikamva kuti ndalama za boma zasowa, tidziwe kuti zasowa m'thumba mwathu.

Tiyeni tikumbuke nkhani zingapo zimene dziko lonse likudziwa.

Mu 2000 ndi 2001 chimanga pafupifupi chonse cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa. Zokolola zitavuta, kumayambiriro kwa 2002 kunagwa njala yoopsa, anthu anadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo ambiri anamwalira. Nkhokwe zimene zikanatipulumutsa zinali zopanda kanthu.

Mu Sepitembala 2013 kunaululika nkhani ya Cashgate, mkulu woyang'anira bajeti ku unduna wa zachuma atawomberedwa pakhomo la nyumba yake ku Lilongwe. Ogwira ntchito m'boma ena anapezeka ndi ndalama zankhaninkhani m'magalimoto ndi m'nyumba. Kubako kunkachitika motere: ankalowa mu kompyuta yolipirira ya boma, yotchedwa IFMIS, n'kulemba macheke opita ku makampani amene sanagulitse kanthu ku boma, kenaka n'kufufuta umboni wake. Akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly anapeza poyamba kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi isanu ndi umodzi yokha, kuyambira Epulo mpaka Sepitembala 2013, ndipo pambuyo pake chiwerengerocho chinakwera kufika pa K24 biliyoni. Maiko otithandiza, amene thandizo lawo linali pafupifupi 40 pa 100 ya bajeti, anaimitsa ndalama zimene ankaika mwachindunji m'thumba la boma.

Mu 2018 kunamveka kuti wamalonda wina amene anapatsidwa ntchito yogulitsa chakudya ku polisi anaika K145 miliyoni mu akaunti ya chipani cholamula cha nthawi imeneyo. Nkhaniyo itavuta, chipanicho chinalengeza kuti chibweza ndalamazo.

Mu 2021 ofesi ya mkulu wolondoloza chuma cha boma inafufuza K6.2 biliyoni yolimbanirana ndi Covid-19, ndipo inapeza kuti gawo lina linathera m'malawansi ndi kugula katundu mosatsata malamulo. Iyi inali nthawi imene odwala ankavutika kupeza mpweya wa okosijeni. Nduna ina inachotsedwa ntchito.

Mu 2022 ndalama zokwana K750 miliyoni zogulira feteleza wotsika mtengo zinalipiridwa ku kampani ina ya ku Britain imene inapezeka kuti ntchito yake ndi yogulitsa nyama. Nduna ya zamalimidwe ndi wachiwiri wake anachotsedwa.

Onani bwino zaka zimenezi, amayi. Nkhanizi zinachitika pansi pa maboma a zipani zosiyanasiyana. Palibe mtundu wa nsalu umene ungaloze unzake chala. Tasintha maboma kangapo, koma nthendayi sinachoke, chifukwa mizu yake sili m'chipani chimodzi. Ina mwa mizuyo ili pakati pa ife ovota.

3. Kuba kwa ku likulu kumathera pa bedi la wodwala

Tikamva mabiliyoni pa wailesi mitu imaima, chifukwa palibe mwa ife amene anagwirapo ndalama zotere. Ine ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, makamaka kuchikuta cha chipatala, kumene amayi amachilira, ndipo ndikufuna ndikuuzeni m'mene mabiliyoniwo amaonekera akafika kumeneko.

Mayi akangobereka amabayidwa jekeseni wothandiza chiberekero kukhwinyata kuti asataye magazi ambiri. Jekeseniyo ndi wotsika mtengo. Koma ngati palibe, ndipo magazi ayamba kutayika, mayiyo akhoza kumwalira pasanathe maola awiri. Akafunika kutumizidwa ku chipatala chachikulu pamafunika ambulansi yokhala ndi mafuta. Akafika pamafunika magazi oyezedwa, ulusi wosokera, magolovesi, ndi magetsi kapena jenereta. Chimodzi chikasowa pa mndandanda umenewu, namwino amatuluka panja kukauza agogo amene akudikira ndi phala kuti mwana wawo watisiya. Pa chikalata timalemba kuti wamwalira ndi kutaya magazi. Sitilemba za cheke chimene chinapita ku kampani yopanda katundu.

Chimodzimodzi mwana wa malungo akafika usiku n'kupeza kuti mankhwala a LA atha. Mayi amauzidwa kuti akagule, alibe ndalama, amabwerera kunyumba kukayesa za zitsamba, ndipo akamabweranso mwanayo akukomoka. Ngakhale zipatala za mpingo wathu, monga St Peter's ku Likoma, St Anne's ku Nkhotakota, St Martin's ku Malindi ndi St Luke's ku Malosa, zimadalira boma pa malipiro a ogwira ntchito ambiri kudzera ku bungwe la CHAM. Thumba la boma likabowoka, nazonso zimamva.

Sikuti kusowa kulikonse kwa mankhwala kumabwera ndi kuba. Dziko lathu ndi losauka, ndalama zakunja zimavuta, mitengo imakwera. Mu 2001 maiko a mu Africa analonjeza ku Abuja kuti aziika 15 pa 100 ya bajeti ku zaumoyo, ndipo zaka zambiri ife sitifikapo. Koma mphika ukakhala waung'ono, ndiye kuti wobamo ndiwo walakwa koposa. Tisaiwalenso kuba kwakung'ono. Mankhwala a boma amene amagulitsidwa pamsika kapena m'nyumba ya munthu anachoka pa shelefu ya chipatala. Tikamawagula tikulipira wakuba kuti akabenso mawa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene amagona pansi pa bedi la wodwala ndi ife, amene amasambitsa maliro ndi ife. Ngati ife sitiyankhula, adzayankhula ndani?

4. Mphodza za Esau

Tawerenga kuti Esau anabwera kuchokera kuthengo atatopa, napeza Yakobo akuphika mphodza. Njala yake inali yeniyeni, sanali kunamizira. Koma anayesa ukulu wake ndi mimba ya tsiku limodzi, naugulitsa. Anadya, anakhuta, ananyamuka. M'mawa mwake njala inabweranso, koma ukulu sunabwerere.

Nthawi ya kampeni timaiona nkhaniyi ndi maso. Msonkhano ukatha anthu amaima pamzere kulandira ndalama, sopo, shuga, ndowa. Tiyeni tiwerenge pamodzi. Tiyerekeze kuti mwalandira K5,000. Phungu amakhala pampando zaka zisanu, ndiwo masiku 1,825. Mukagawa mupeza kuti mwagulitsa mawu anu pa mtengo wosafika K3 patsiku. Ndipo wogawayo si wopusa. Ndalamazo kapena wakongola, kapena wapatsidwa ndi amalonda amene akuyembekeza makontirakiti a boma, kapena zachoka kale m'thumba la boma. Akapambana ntchito yake yoyamba ndi kubweza zimene anataya. Adzazibweza pa mlatho umene sudzamangidwa ndi pa mankhwala amene sadzafika. Tsiku limene mudzapita kukadandaula, mumtima mwake adzati anakulipirani kale.

Lamulo loyendetsera zipani la 2018 limaletsa ofuna mipando ndi zipani zawo kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa mavoti. Chilango chake chikhoza kufika pa K10 miliyoni ndi kukhala m'ndende zaka zisanu. Lamulolo silikuletsa zinthu zolengezera chipani monga nsalu ndi malaya a chizindikiro. Madandaulo amapita ku ofesi ya mlembi wa zipani za ndale.

Pali mawu amene timawamva kawirikawiri, akuti idyani ndalamazo, ndi zanu zomwe, koma povota muli nokha. Ndi zoona kuti voti ndi yachinsinsi. Palibe mfumu, mwamuna kapena wachipani amene angaone pamene mwachonga, ndipo mayi asaopsezedwe kuti adzadziwika. Sindikuweruzanso mayi wamasiye amene analandira chifukwa ana anagona ndi njala. Ambuye akudziwa mavuto ake, ndipo ndi ntchito ya nthambi yake kumuthandiza kuti asafike pamenepo. Koma tiganize za zotsatira zake. Tikamalandira tonse, tikuphunzitsa andale kuti mpando umagulidwa. Munthu woona mtima wopanda chuma saimanso. Amayi ambiri anzeru amalephera pa zisankho za chipulula chifukwa alibe zogawa. Pa chisankho cha 2014 amayi 32 okha ndiwo anapambana pa mipando 193 ya aphungu. Pomaliza timatsala ndi okhawo amene ali ndi ndalama zogulira, kenaka n'kumadabwa kuti akuba.

Nthawi zinanso oyambitsa ndife. Phungu akafika timamuzinga ndi mapempho a bokosi la maliro, fizi ya mwana, galimoto yonyamula mkwati. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti, kulondoloza m'mene boma likugwiritsira ntchito ndalama, ndi kukanena mavuto a dera lake. Tikamuyesa ndi kuchuluka kwa mabokosi amene wagula, tikumukankhira kukafuna ndalama kumene sayenera.

5. Muyeso wa Yetero

Mose atalema ndi milandu ya anthu, mpongozi wake Yetero anamulangiza kuti asankhe omuthandiza, ndipo anamupatsa zinthu zinayi zoyang'ana: luso pa ntchito, kuopa Mulungu, kunena zoona, ndi kudana ndi phindu lachinyengo. Werengani vesi 21 mofatsa. Mulibemo fuko la munthuyo, mulibemo dera lochokera, mulibemo kukula kwa gulu lomuimbira.

Kuno kwathu timakonda kuvota poyang'ana chigawo ndi mtundu. Timati wakuba yemweyo bola ndi wathu. Koma mankhwala akatha pachipatala satha kwa mtundu umodzi. Mpingo wathu uli ndi madayosizi kuyambira kumpoto mpaka kummwera, ndipo tikakumana pa misonkhano ikuluikulu Mtonga, Myao, Mchewa, Mlomwe, Mtumbuka ndi Msena timagwada pa guwa limodzi ndi kumwera chikho chimodzi. Sizingatheke kuti pa Sabata tikhale thupi limodzi, koma pa tsiku lovota tikhale mitundu.

Kuopa Mulungu sikuoneka ndi kunyamula Baibulo pa msonkhano. Pofuna kuyesa munthu tifunse mafunso amene yankho lake tingalione. Pamene anali mu komiti ya sukulu, ya mpingo kapena ya banki m'khonde, ndalama zinkakwana? Antchito ake amawalipira? Zimene analonjeza ulendo watha anachitapo ziti? Akafunsidwa funso lovuta amayankha kapena amatukwana? Anyamata omutsatira amanyamula zikwanje? Amalankhula motani za amayi amene akupikisana naye?

Samueli atakalamba anaima pamaso pa Aisraeli onse nawapempha kuti amutsutse ngati analanda ng'ombe kapena bulu wa munthu, kapena ngati analandira chiphuphu kuti apotoze mlandu. Anthu anavomera kuti sanatero. Mtsogoleri wabwino saopa kufunsidwa. M'dziko muno muli lamulo la 2013 lolamula akuluakulu a boma kulembetsa chuma chawo, kuti zidziwike zimene analowa nazo ndi zimene atuluka nazo. Kufunsa mtsogoleri si mwano. Samueli anachita kupempha yekha kuti afunsidwe.

6. Azamba awiri amene anakana

Farao analamula azamba, Sifra ndi Puwa, kuti azipha ana aamuna a Ahebri pobadwa. Iwo analibe asilikali kapena mpando. Anali amayi a ntchito ya manja ngati ife. Koma anaopa Mulungu koposa mfumu, ndipo lamulo loipalo linafera m'manja mwawo. Wolamula zoipa amafuna manja a anthu wamba kuti zichitike.

Pa chisankho cha pa 21 Meyi 2019 mapepala ambiri a zotsatira anapezeka atafufutidwa ndi utoto woyera wa Tippex ndi kulembedwanso. Dziko linakhala pa zionetsero miyezi yambiri, katundu anaonongeka, anthu anavulala, ena anafa. Mu Okutobala chaka chomwecho amayi ndi atsikana a ku Msundwe ndi madera oyandikana nawo anachitidwa nkhanza zogwiriridwa ndi apolisi, ndipo mu 2020 bwalo lalikulu linalamula kuti amayi 18 apepesedwe ndi ndalama. Chisankho chikasokonekera, thupi la mayi ndi limene limalipira.

Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anagamula kuti chisankho cha pulezidenti chija sichinayende bwino ndipo chichitikenso. Ananenanso kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka. Chigamulo chisanaperekedwe panali munthu wina wachuma amene anayesa kuwapatsa ziphuphu. Nkhaniyo inakanenedwa ku bungwe lothana ndi katangale la ACB, ndipo mu 2021 bwalo linamupeza munthuyo wolakwa. Chisankho chatsopano chinachitika pa 23 Juni 2020 ndipo boma linasintha. Mu 2025 linasinthanso kudzera m'bokosi la voti, ndipo wogonja anavomereza. Pa zimenezi tiyamike Mulungu, pakuti maiko ena sanaone mwayi wotere.

Koma taganizani za manja amene anagwira utoto uja, ndi manja amene analemba macheke a Cashgate. Sanali a alendo. Anali a aphunzitsi, makalaliki, owerengera ndalama, anthu obatizidwa, ana a amayi ngati ife. Apa ndi pamene phunziroli likulowa m'nyumba mwathu. Mwana wanu amene malipiro ake mukuwadziwa akayamba kumanga nyumba zitatu chaka chimodzi, mumamufunsa kapena mumangolulutira kuti Mulungu wadalitsa? Bambo akunyumba akabwera ndi katundu wa ku ofesi, mumalandira mwakachetechete? Mwana woona mtima amene wagwira ntchito zaka khumi alibe galimoto, kodi sitimunena kuti ndi wogona pomuyerekeza ndi anzake? Ana ambiri amaba pofuna kuti kwawo awatame. Mayi akanena kuti ndalama yosadziwika kochokera isalowe pakhomo pake, watseka njira imodzi ya katangale imene ACB sikanaiona.

7. Andale akabwera ku tchalitchi

Nyumba ya Mulungu ndi ya onse, ndipo wandale ali ndi ufulu wopemphera monga wina aliyense. Paulo analangiza Timoteo kuti tizipempherera olamulira, ndipo mu Misa timatero, kaya tinawavotera kaya ayi. Koma kalata ya Yakobo, mutu 2, imatichenjeza za kupereka mpando wapamwamba kwa wovala bwino pamene wosauka tamukhazika pansi. Chisankho chikayandikira, alendo a maenvulopu amachuluka pa Paper Sunday ndi pa misonkhano yathu. Tikalandira matumba a simenti lero, kodi mawa tidzatha kudzudzula woperekayo? Ndi bwino nthambi iliyonse igwirizane ndi Abambo wansembe ndi khonsolo ya parishi, nthawi ya kampeni isanafike, kuti mphatso za andale zizilandiridwa motani, ndi kuti guwa lisasanduke nsanja ya msonkhano.

Yunifolomu yathu ndi ya utumiki. Tisapite nayo ku msonkhano wa chipani, ndipo nyimbo za Mulungu tisazisinthe mawu kuti titamande munthu. Mayi aliyense ali ndi ufulu wokonda chipani chimene akufuna, ngakhale kuima nawo pa chisankho, ndipo amene ali ndi mphatso ya utsogoleri tiwalimbikitse. Dziko lino linakhalapo ndi pulezidenti wamayi kuyambira 2012 mpaka 2014, ndipo mu 2019 Nyumba ya Malamulo inasankha sipikala wamayi koyamba. Koma tikalowa mu msonkhano wa nthambi, zipani zitsale panja. Ngati pali amayi amene anasiya kulonjerana chifukwa cha chisankho chapitachi, ayanjane asanapite ku Mgonero. Amene munakanganirana aja amadyera pamodzi ku Lilongwe.

Tiyang'anenso thumba lathu. Msungichuma wa nthambi aziwerenga lipoti pamaso pa onse, malisiti ali pa tebulo, ndipo ndalama zisatuluke ndi siginecha ya munthu mmodzi. Sitingafunse boma zimene ife tikulephera pa ndalama za zopereka za mwezi.

8. Zoti tichite chisankho china chisanafike

Voti ndi ya tsiku limodzi, koma udindo ndi wa zaka zisanu. Nazi zina zimene nthambi iliyonse ingathe kuchita popanda ndalama.

Choyamba, lembani m'kope la nthambi zimene phungu ndi khansala wa dera lanu analonjeza. Kamodzi pachaka muziwerenga ndi kuchonga zimene zachitika. Mukawaitana kudzakambirana, pitani ndi kopelo, mwaulemu, osapempha kanthu ka m'thumba mwawo.

Chachiwiri, amayi alowe m'makomiti a chitukuko a m'mudzi ndi a dera, m'komiti ya sukulu, ndi m'komiti yolangiza chipatala chaching'ono. Mamembala a komiti ya chipatala amatha kukhalapo pamene mankhwala akutsitsidwa m'galimoto ndi kuona kuti zolembedwa zikugwirizana ndi makatoni amene afika. Maso a mayi mmodzi pamenepo amapulumutsa ana ambiri.

Chachitatu, funsani. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020. Mukhoza kufunsa ku khonsolo kuti ndalama za chitukuko cha dera lanu zinabwera zingati, anapatsidwa ntchito ndani, ndipo chipinda chophunziriramo chija chaima pa mawindo chifukwa chiyani. Pitani awiri kapena atatu, ndi kalata yolembedwa, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Chachinayi, wina akakupemphani chiphuphu pa thandizo limene ndi laulere, kanani, ndipo kanene kwa akuluakulu a pamalopo kapena ku ACB. Nenani zimene mwaona ndi maso anu. Mphekesera za pa WhatsApp musazifalitse, pakuti umboni wonama ndi tchimo ngakhale wonamiziridwayo ali wa chipani chimene simuchikonda.

Chachisanu, thandizani achinyamata amene akwanitsa zaka 18 kukhala ndi chiphaso cha unzika kuti adzathe kulembetsa m'kaundula wa voti. Ambiri akuti kuvota n'kopanda phindu chifukwa onse ndi amodzimodzi. Auzeni mbiri ya 1993 ndi ya 2020. Wosavota wasiyira mwayi wogula mavoti uja.

Mafunso okambirana

1. Esau anali ndi njala yeniyeni. Kodi nthambi yathu ingathandize bwanji mayi wosowa kuti asakakamizike kugulitsa voti yake?
2. Pa zinthu zinayi za Yetero, ndi chiti chimene timachinyalanyaza kwambiri posankha atsogoleri, kaya a dziko kaya a mpingo?
3. Mwana wanu wabwera ndi ndalama zimene simukumvetsa kochokera, ndipo akufuna kukumangirani nyumba. Munganene chiyani?
4. Wofuna mpando wapereka malata a tchalitchi miyezi iwiri chisankho chisanachitike. Parishi ichite chiyani?
5. Ndi komiti iti ya m'dera lathu imene mulibe mayi wa mu nthambi yathu? Titumizeko ndani?

Pemphero

Mulungu Atate wathu, mwini dziko ndi zonse zili m'menemo, tikuyamikani chifukwa cha Malawi ndi ufulu wosankha atsogoleri. Patsani pulezidenti, nduna, aphungu, makhansala, oweruza ndi mafumu mtima woopa Inu ndi manja oyera. Tonthozani mabanja amene anataya okondedwa awo chifukwa chosowa mankhwala ndi chakudya. Limbitsani ogwira ntchito m'boma amene akukana chinyengo ngakhale akunyozedwa. Ife amayi mutipatse kulimba mtima kwa Sifra ndi Puwa, kuti m'nyumba zathu mukule ana okonda choonadi, ndipo njala ya lero isatigulitsitse za mawa. Tikupempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.